Mvula ya m'Kapu

Mwana wanga woyamba anakwanitsa zaka zinayi asanatulutsepo liwu ndi limodzi lomwe. Sikuti anali wogontha ayi. Basi ikaliza hutala kumsewu waukulu, iye ankatseka makutu ife tisanaimve n'komwe. Koma ukamuitana, ngakhale uli pafupi pomugwira phewa, sankacheuka. Anali kamtsikana kokongola, ka maso aakulu ngati a bambo ake, ndipo masowo ankayang'ana chilichonse kupatula nkhope ya munthu.

Tinali titangolowa kumene m'nyumba yathu ya ku lokeshoni ya Zengeza 1, m'zaka zomaliza za nkhondo, dziko lino lisanatchedwe Zimbabwe. Nyumba zake zinali zofanana ngati zobadwa kwa mayi mmodzi: tizipinda ting'onoting'ono, denga la asibesitasi lopanda siling'i, ndi mpopi kuseri. Ine ndinabadwira kukomboni, pa pulazi ya fodya, kwa makolo ochokera ku Malawi. M'nyumba mwathu tinkalankhula Chichewa, ndipo Chishona ndinachitola kwa anzanga kotunga madzi. Amuna anga anachoka ku Dedza atamera kale ndevu, ndipo ankagwira ntchito pa fakitale ya mipando m'tauni. Chishona ankachimva bwinobwino, koma akati achilankhule lilime linkawapereka, anyamata a m'basi n'kumawayankha kuti "achimwene" akutsinana. Ndiye ankasunga mawu awo tsiku lonse n'kudzawakhuthula kunyumba. M'nyumba mwawo anali munthu wolongolola. Ankalankhula ndi ine, ankatsutsana ndi wailesi, ankadzudzula nsapato zawo pozipukuta, ndipo ankacheza ndi mwana wosayankhayo ngati akucheza ndi mnzawo wa kuntchito.

Mwanayo ankakonda kukhala pakhomo la kukhitchini ndi mapegesi anga a zovala. Ankawapanitsa m'mphepete mwa beseni kuzungulira, mmodzimmodzi, akatha n'kuwachotsa n'kuyambiranso. Ukachotsapo limodzi kuti ukayanikire, kulira kwake kunkamveka nyumba zitatu. Chimene ankachiopa kuposa zonse inali mvula. Ikamagunda padenga, mabingu akuphulika, ankakwawira pansi pa tebulo, zala m'makutu, thupi lonse likunjenjemera. Nthawi zambiri ankathawirako isanayambe n'kudontha komwe. Ine ndikangoti, "Kukubwera mvula, ndikaanule zovala," pobwerako ndinkamupeza ali kale pansi pa tebulo. Ndinkaganiza kuti waona mitambo.

Anthu sankasowa zonena. Ena ankati analodzedwa. Ena, podziwa kumene tinachokera, ankanong'onezana kuti anthu a ku Malawi ali ndi mankhwala oopsa, bambo akewo anamukhwimira mwanayo kuti apeze nyumba. Ndinazimva ndekha pa mzere wogula palafini, ndipo sindinawauze amuna anga mpaka lero ali kumanda. Amene sankalowa nawo m'miseche imeneyi anali mayi a nyumba yoyandikana nafe, mayi wamasiye wa Chishona, wamkulu kwa ine ngati mayi anga, amene ankagulitsa tomato ndi masamba pa kathebulo pageti pawo. Iwo ankamutcha mwanayo muzukuru, kunena kuti mdzukulu, ndipo ankalankhula naye kudzera pa mpanda wa waya osadikira yankho.

Ndi mayi amenewa anandilimbikitsa kuti ndipite naye kukiliniki. Nesi amene ndinamupeza anali mayi wachangu, wa yunifolomu yoyera mbee, wosataya nthawi ndi munthu. Anawomba m'manja kumbuyo kwa mwanayo, mwanayo n'kudzidzimuka. Anamuyang'ana m'kamwa ndi m'makutu, osapeza kanthu. Kenako anandifunsa m'Chishona kuti kunyumba timalankhula chilankhulo chanji.

"Chichewa, asisitala. Koma panja amamva Chishona."

"Vuto ndi limenelo," anatero. "Mukumusokoneza mwana. Ameneyu mutu wake ndi wochedwa kale, inu n'kumathiramo zilankhulo ziwiri. Sankhani chimodzi. Kusukulu akakumana ndi Chishona, ndiye chakwanucho chisiyeni. Musamulankhule nacho, ndipo asamachimve n'komwe."

Sananene mwankhanza. Ananena ngati munthu amene akudziwa, ndipo ine ndinali mtsikana wa kukomboni wosapitirira Sitandade 3. Ndinatuluka ndili ndi chimwemwe chachilendo, poti tsopano vutolo linali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo tinali ife.

Amuna anga ndinawauza Lamlungu masana titabwera kutchalitchi. Anali atakhala pakhonde akusenda nzimbe.

"Ndiye ine ndikhale bubu m'nyumba mwanga momwe?" anafunsa.

"Ndi za mwana, bambo."

Anayang'ana mwanayo ndi mapegesi ake. Kenako anaika mpeni pansi.

"Chabwino, mayi. Ngati lilime langa ndi limene lamanga la mwana wanga, ndimanga langali."

Tinayamba m'nyengo yozizira. Ine ndinasanduka Mshona m'nyumba mwanga. Amuna anga anayesa masiku angapo, koma mawu ankawatuluka opindika, iwo eni n'kumachita manyazi pamaso pa mkazi wawo, mpaka anangosiya. Ankafika, kusamba, kudya, n'kumaloza ndi chala chimene akufuna. Kutchalitchi kwathu ankapemphera m'Chichewa, ndiye tinayamba kusinthana, wina apite wina atsale ndi mwana. Achibale akabwera kuchokera ku Unit C, lokeshoni ina yapafupi, tinkawalandirira pageti n'kuwanong'oneza lamulo la m'nyumba, iwo n'kumatiyang'ana ngati tapenga. Nyumba inazizira ngati muli maliro.

Ndipo mwanayo, m'malo mosintha, anaipiraipira. Anayamba kukana madzi. M'Chishona madzi akumwa amati mvura, ndiye ine ndinkatenga kapu yake n'kunena kuti, "Inwa mvura, mwanangu." Iye ankaimenya kapuyo n'kuthawira pansi pa tebulo akukuwa. Posamba zinali chimodzimodzi. Ndikangomuuza m'Chishona kuti madzi afunda, nkhondo yayamba, mpaka ndinkamusambitsa momukanikiza, tonse awiri tikulira. Ndinaganiza kuti vuto ndi kapu, ndinasintha kapu. Ndinaganiza kuti ndi fungo la madzi a mumpopi, ndinayamba kuwiritsa. Palibe chinathandiza. Ankamwa mobisala, ine ndikatembenuka, kukatsegula mpopi n'kumanyambita m'manja. Milomo yake inang'ambika. Miyezi itatu inatha choncho, ndipo ine ndinkadziuza kuti mankhwala owawa ndiwo amachiza.

Tsiku limene zinasintha linali Loweruka, m'nyengo yotentha ija mvula isanagwe, dzuwa likuswa mtengo. Mwanayo anali asanamwe kanthu chidzukireni. Ndinayesa kawiri, kawiri konse kapu inagwa pansi. Ndinakhala pa mwala wochapira n'kuyamba kulira ngati mwana. Mayi oyandikana nawo aja anandiona, n'kuzungulira kudzalowa pageti atanyamula chikho chawo chachitini. Anatunga pampopi pathu pomwepo n'kupita pamene mwanayo anakhala.

"Tora mvura, muzukuru," anatero, kumuuza kuti atenge madzi.

Mwanayo anatambasula dzanja, osawayang'ana, n'kumwa onse mpaka kupendeketsa chikho.

Zinandipweteka kwambiri. Mwana wobala ndekha akulandira kwa munthu wapadera, ine n'kumandikana. Ndinalanda chikhocho, kutunganso, n'kunena mawu omwewo amene mayiwo ananena. Ndipo poti tinali panja, ndinaona chimene m'nyumba sindinkachiona. Asanathawe, mwanayo anakweza maso n'kuyang'ana kumwamba. Anayang'ana mbali iyi, n'kuyang'ana mbali iyo, kenako zala m'makutu, ulendo wa pansi pa tebulo.

Kumwambako kunalibe ngakhale kamtambo.

Ndinaima ndi chikho m'manja. Ndinabwereza liwulo ndekha chapansipansi, ndipo ndinalimva mmene linkatulukira m'kamwa mwanga. Ife Achewa lilime lathu silisiyanitsa bwino mvura ndi mvula. Zaka zinayi zonse, liwu limeneli likatuluka m'kamwa mwa mayi ake, kunkabwera mabingu. Ndiye miyezi itatu yonseyi, katatu kanayi pa tsiku, ine ndinkamuyandikira mwana wanga n'kumamuuza kuti chinthu chimene amachiopa chija chafika, chili m'kapu, amwe.

Ndinalowa m'nyumba n'kugwada pambali pa tebulo. Ndinkangoona timapazi take kunsi kwa nsalu. Ndinalankhula m'Chichewa.

"Kulibe mvula, mama. Kunja kuli dzuwa. Awa ndi madzi. Imwa madzi."

Kulira kunaleka. Panapita kanthawi, kenako kadzanja kanatuluka pansi pa nsalu ya patebulo n'kutenga chikho. Ndinamva akumeza. Kadzanjako kanatulukanso, chikho chili chopanda kanthu, n'kuchigwedeza kuti ndiwonjezere.

Mayi aja anali ataima pakhomo. Nditawafotokozera, anawomba m'manja kamodzi n'kugwira pakamwa.

"Mwana uyu anonzwa zvese," anatero, kunena kuti mwanayu amamva zonse. Anapitiriza kuti: "Ndikanena ine akudziwa kuti ndi madzi akumwa. Ukanena iwe akudziwa kuti ndi ya kumwamba. Ndiye wosokonezeka ndani apa, mwanangu? Iyeyu kapena ife?"

Loweruka amuna anga ankaweruka masana. Nditawaona akukhota pakona, jekete paphewa, ndinathamangira kugeti n'kukuwa kuti msewu wonse umve:

"Mwaswera bwanji, bambo? Kuntchito kunali bwanji?"

Anaima n'kuyang'ana uku ndi uku ngati ndaswa lamulo la boma. "Mayi, mwana ali pafupi."

"Amve! Amve ndithu. Lowani ndikuuzeni."

Ndinawafotokozera zonse ali chiimire. Atamva, anakhala pansi pa sitepe, chipewa n'kuphimba nacho nkhope. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Atachotsa chipewacho anaitana mwanayo, amene sanabwere, ndiye iwo ndi amene anasendera pafupi ndi beseni la mapegesi. Masana onsewo anamuuza nkhani za miyezi itatu: za kapitawo amene anagwa ndi mpando umene anaukhoma yekha, za basi imene inafera pa mlatho, za mbuzi za kwawo ku Dedza. Mwanayo sanawayang'ane, koma sanachokepo.

Ndisaname kuti analankhula mawa lake. Sanalankhule. Mvula yeniyeni inabwera, iye n'kumathawira pansi pa tebulo monga kale, kungoti tsopano ndinkamuuziratu kuti ikubwera ndipo ikatha ndinkamuuza kuti yatha, iye n'kutuluka. Tinagwirizana ndi mayi oyandikana nawo kuti aliyense azilankhula naye chake. M'nyumba Chichewa, kwa iwo Chishona. Masana aliwonse ndinkamuperekeza kukathebulo ka tomato kaja, ndipo kumeneko anapeza ntchito yomuyenera. Ankaunjika tomato m'milu yofanana ndendende, moti ogula anasiya kusankha mulu. Mayiwo ankamutchulira dzina la chilichonse chimene wagwira, ndi chilichonse chodutsa mumsewu. Ine ndinkachita chimodzimodzi kunyumba, posesa, pochapa, pophika. Nthawi zina ndinkatopa n'kumadzifunsa ngati sindikuthira madzi m'dengu. Kukiliniki sindinabwerereko naye, poopa kukafunsidwa.

Anali atakwanitsa zaka zisanu pamene tinamva mawu ake. Linali Lamlungu m'mawa, tikukonzekera kutchalitchi, ine ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri. Amuna anga anali kuchipinda akumanga tayi.

"Mayi, mwaziona nsapato zanga?"

Ndisanayankhe, kuchokera pakona pamene panali beseni, panamveka kamawu kosasa, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa:

"Shangu."

Shangu ndi nsapato m'Chishona. Ndinagwira khoma. Amuna anga anatuluka tayi ili lende, n'kundiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Mwanayo ankapitiriza kupanitsa mapegesi ngati palibe chachitika. Bambo ake anagwada pang'onopang'ono, ngati munthu woopa kuthawitsa mbalame.

"Mpando," anatero.

"Chigaro."

"Galu."

"Imbwa."

"Mchere."

"Munyu."

Anatchula zinthu zonse za m'nyumba, n'kutulukira panja, nkhuku, mtengo, msewu, mwanayo akubweza lililonse m'Chishona osaphonya. Kenako bambo ake anati, "Moto." Apa mwanayo anaima. Pegesi linali m'mwamba, nkhope itachita tsinya. Moto ndi moto m'zilankhulo zonse ziwiri. Tinadikira.

"Moto," anatero. Kenako anabwerezanso, "Moto, moto." Ndiye anaseka. Anaseka mpaka kugwa chagada, ngati wamva nthabwala yoposa zonse pa dziko lapansi. Ife tinaseka naye misozi ili mbwembwembwe.

Ndinathamangira kumpanda osavala nsapato kukaitana mayi aja. Iwo atabwera anayamba kutchula m'Chishona, mwanayo n'kumabweza m'Chichewa choyera, cha ku Dedza, katchulidwe ka bambo ake enieni. Kutchalitchi sitinapite tsiku limenelo. Amuna anga anapha tambala amene tinkasungira Khirisimasi, ndipo mayi aja anadya nafe.

Kuchokera pamenepo mawu anayamba kubwera, koma m'njira yakeyake. Kwa nthawi yaitali ankangotembenuza zimene wamva. Ukanena chinthu m'chilankhulo china, iye ankachibweza m'chinzake, poyamba liwu limodzi, kenako chiganizo chonse. Akafuna kanthu ankanena mawu amene ine ndimamufunsira. Ankabwera n'kuima pambali panga, maso ali kukhoma, n'kunena kuti, "Ukufuna tiyi, mama?" ndiye ine n'kudziwa kuti akufuna tiyi. Ana a mumsewu ankamuseka, n'kumamuponyera mawu otukwana kuti awatembenuze, mpaka mayi a tomato anawathamangitsa ndi tsache. Phokoso la basi ndi la ndege za asilikali linkamuzunzabe. Koma tsopano ndikamufunsa kuti chikupweteka n'chiyani, nthawi zina ankayankha.

Mlongo wake atabadwa, ndinayenera kumapita kusikelo, ndipo tsiku lina ndinalibe womusiyira wamkuluyo. Ndinapita nawo onse awiri, wina kumsana wina padzanja. Masiku amenewo kukiliniki kunkadzaza kwambiri. Nkhondo inali itafika poipa kumidzi ndi kumapulazi, ndipo anthu ankathawira kwa achibale m'tauni, nyumba ya anthu anayi n'kumagona anthu khumi ndi awiri. Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa. Ndinali nditamutengera mapegesi angapo m'thumba kuti asavute.

Kutsogolo kwathu kunali nkhalamba ina yaimuna, yowonda, yovala jekete lalikulu losayenerana nayo, chipewa chili m'manja. Pambuyo pake ndinamva kuti inachokera ku pulazi ina imene mwini wake anathawa, ndipo moyo wake wonse inakhala kukomboni pakati pa anthu akwawo okhaokha. Itafika patebulo, ndinaona kuti wolemba makadi tsiku limenelo ndi nesi uja. Ndinaweramitsa mutu.

"Sekuru, chii chiri kunetsa?" anafunsa nesiyo, kufuna kudziwa chimene chikuwavuta agogowo.

"Mimba, mwana wanga," anayankha m'Chichewa. "Mimba yangayi ikupweteka."

M'Chishona mimba ndi ya mayi woyembekezera basi. Atsikana amene anakhala pa benchi yakutsogolo anaphulika kuseka. "Sekuru vane mimba!" anatero wina, ndipo kuseka kunafalikira mzere wonse. Nayenso nesi anabisa pakamwa ndi khadi. Agogo aja sanadziwe cholakwa chawo. Anangoyang'ana pansi n'kumapotokola chipewa.

Apa ndiyenera kunena zoona. Ine ndinamva zonse, ndipo ndikanatha kuimirira n'kuwamasulira. Koma ndinakhala chete. Ndinaopa kuti anthu oseka aja adziwa kuti nanenso ndine wa mtundu womwewo. Ndinali ndikulimbana ndi mtima wanga pamene ndinamva dzanja la mwana wanga likuchoka m'dzanja langa.

Anaimirira. Sanayang'ane agogowo, sanayang'ane nesi. Anayang'ana kalendala ya pakhoma, n'kunena mokweza, ndi mawu ake aja osakwera osatsika:

"Dumbu. Mudumbu munorwadza."

Anali atanena m'Chishona choyenera kuti m'mimba mukupweteka. Kuseka kunaduka ngati wina wazimitsa wailesi. Agogo aja anacheuka, n'kuona kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi kali ndi pegesi m'manja. Sindikudziwa chimene anaganiza, koma anapitiriza, tsopano akulankhula kwa iye.

"Masiku atatu sindinadye."

"Mazuva matatu handina kudya," anatero mwana wanga.

Nesi anaika khadi pansi. Anafunsa, maso ali pa mwanayo, "Munorutsa here?"

"Mukusanza?" anatembenuza mwanayo.

"Eya, ndikusanza, mayi," anayankha agogowo, ndipo mwanayo anabweza yankholo kwa nesi.

Zinapitirira choncho mpaka khadi linadzaza. Mafunso ena anali ovuta, ndipo pamenepo ndinaimirira n'kuthandiza, m'Chichewa, mokweza, manyazi onse atathawa. M'chipinda monse munali zii. Mayi wina wachikulire kumbuyo anayamba kululutira chapansipansi, mnzake n'kumugwira mkono poona kuti mwanayo watseka khutu limodzi.

Agogo aja atalowa kwa dokotala, nesi anandikodola.

"Si mwana uja munabwera naye uyu? Wosalankhula uja?"

"Ndi yemweyo, asisitala."

"Ndiye munasiya chilankhulo chakwanu monga ndinakuuzirani?"

"Tinasiya miyezi itatu, mwana anatsala pang'ono kufa ndi ludzu. Tinayambiranso. Amalankhula zonse ziwiri."

Ndinayembekezera kukalipiridwa. Koma anandiuza kuti ndikhale pansi ndimufotokozere kuyambira pachiyambi, mzere wonse ukudikira. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anapukusa mutu n'kunena kuti iye anaphunzitsidwa zina, ndipo anauzapo amayi ena ambiri zomwezo. Kenako anafunsa ngati mwanayo ndamulembetsa kusukulu. Ndinati ayi, ndikuopa kuti akamubweza. Anatenga pepala n'kulemba kalata yopita kwa mphunzitsi wamkulu, yonena kuti mwanayu amamva, amalankhula zilankhulo ziwiri, ndipo ayenera kupatsidwa malo ndi kuleza mtima. Anaidinda chidindo n'kundipatsa ndi manja awiri.

Potuluka tinawapeza agogo aja atakhala pamthunzi ndi botolo la mankhwala. Atationa anadzuka movutikira n'kuvula chipewa pamaso pa mwana wanga.

"Zikomo, mayi," anatero. "Mwandichotsa manyazi."

Mwanayo anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Maita basa, amai." Ankangotembenuza monga mwa chizolowezi chake, koma agogowo anaona ngati wawathokoza nawonso, ndipo anaseka mkamwa mopanda mano. Ndinawafunsa kumene akukhala, n'kupeza kuti ndi kufupi ndi achibale athu ku Unit C. Tinawaperekeza mpaka pakhomo, tikucheza Chichewa mumsewu waukulu osatsitsa mawu.

Chaka chotsatira mwana wanga anayamba sukulu. Sizinali zophweka. Mphunzitsi woyamba anamulephera, wachiwiri ndiye anamumvetsa, n'kumukhazika pafupi ndi chitseko kuti phokoso likachuluka azituluka n'kubweranso. Kuwerenga anakudziwa msanga kuposa anzake ambiri, ndipo Chingelezi chitabwera anangochiika pambali pa ziwiri zija ngati mulu wachitatu wa tomato. Masamu ndi kusewera ndi anzake zinamuvuta mpaka kumaliza. Dzina la vuto lake ndinalimva iye ali kale mayi wamkulu, kwa mwana wa mchemwali wanga amene anaphunzira za unesi. Anati amati otizimu, ndipo ana otere alipo ambiri. Ndinalibwereza kangapo kuti ndilisunge, koma kunena zoona silinandiuze chimene sindinkachidziwa.

Lero ali ndi imvi zake. Tikukhala limodzi m'nyumba yomwe ija, ndipo amasoka mayunifolomu a ana asukulu pa makina amene bambo ake anamusiyira. Mizere yake ndi yowongoka moti amayi amachokera ku lokeshoni ya Seke kudzamufuna iyeyo. Salankhula zambiri, ndipo mlendo samuyang'ana kumaso.

Ana a mlongo wake amabwera Loweruka. Iwo Chichewa amachimva, koma ndikawafunsa kanthu amayankha m'Chishona, monga ana onse a masiku ano. Ine ndinatopa n'kuwakonza. Azakhali awo satopa. Sabata yatha ndinafunsa wamng'ono, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, ngati wakhuta.

"Ndaguta, gogo," anayankha akuthamangira panja.

Makina anaima.

"Ndakhuta, agogo," anatero azakhali ake, maso ali pa singano.

Kamtsikanako kanafika pakhomo n'kuima, podziwa kuti makinawo sayambanso kulira mpaka zitatheka. Kanabwerera m'mbuyo masitepe awiri.

"Ndakhuta, agogo. Zikomo."

Ndipo makina anayambanso.